Zolemba za ntchito: kukonza ma annotation a ubale wa ophunzira ndi maphunziro mu SQLAlchemy 2.0

Lolemba

Ntchito ya sabata ino ndi kusamutsa ma model (makalasi a Python oimira matebulo a mu database) a pulogalamu yolembera ophunzira kuchoka ku kalembedwe ka SQLAlchemy 1.4 kupita ku ka 2.0 (SQLAlchemy ndi laibulale ya Python yolumikizira pulogalamu ndi database), kenako n'kuyatsa mypy, pulogalamu younika mitundu ya zinthu m'khodi ya Python, kuti iziunika khodi yonse isanalowe m'nthambi yaikulu. Matebulo wamba sanavute, chifukwa kusintha `Column(Integer, primary_key=True)` kukhala `id: Mapped[int] = mapped_column(primary_key=True)` ndi ntchito ya zala chabe. Pomwe ndagwira njakata ndi pa ubale wa ophunzira ndi maphunziro, poti wophunzira mmodzi amatenga maphunziro angapo ndipo phunziro limodzi limakhala ndi ophunzira ambiri. Mu database ubale wotere umasungidwa m'tebulo lachitatu, lomwe kwa ife ndi `wophunzira_phunziro`, ndipo lili ndi ma foreign key awiri okha, wina woloza wophunzira, wina woloza phunziro.

Ndisanakhudze model iliyonse ndachotsa `sqlalchemy2-stubs`, mafayilo omwe ankauza mypy mitundu ya zinthu za SQLAlchemy 1.4, pamodzi ndi mzere woyatsa pulagini ya SQLAlchemy m'makonzedwe a mypy. Kuyambira pa 2.0, yomwe inatuluka mu January 2023, SQLAlchemy imabwera ndi mitundu yakeyake m'kati mwa khodi yake, choncho ma stub akale akatsalira amaphimba mitundu yeniyeniyo ndipo mypy imayamba kudandaula zinthu zomwe palibe. Pulagini ija nayonso eni ake anasiya kuilimbikitsa, ndipo siigwira bwino ntchito kuyambira pa mypy 1.11.

Nditangokweza laibulale, pulogalamu inakana kudzuka. Mzere womwe unayambitsa vutoli unali uwu, womwe unalembedwa kalekale pofuna kuthandiza editor basi:

`maphunziro: List["Phunziro"] = relationship(secondary=wophunzira_phunziro)`

Uthenga wake unayamba ndi mawu akuti "Type annotation for "Wophunzira.maphunziro" can't be correctly interpreted for Annotated Declarative Table form", n'kupitiriza kuti annotation, yomwe ndi mawu otchula mtundu wa chinthu pambuyo pa dzina lake, iyenera kukutidwa ndi `Mapped[]`. Chimene chandichititsa kuima pang'ono n'chakuti uthengawu sunachokere ku mypy ayi, unachokera ku SQLAlchemy yeniyeniyo pa nthawi yomwe Python inkawerenga kalasi. Kale annotation inali ngati ndemanga yomwe pulogalamu ikamayenda sinkaiyang'ana, koma tsopano ili ndi owerenga awiri: mypy, yomwe imaiwerenga pulogalamu isanayende, ndi SQLAlchemy, yomwe imaiwerenga pomanga ubale ndi makolamu. Uthenga womwewo ukupereka njira yothawira, yoti tiike `__allow_unmapped__ = True` pa kalasi. Ndaikana, chifukwa ingangotseka pakamwa chenjezo n'kutisiya ndi ma annotation a mitundu iwiri m'pulogalamu imodzi, ndipo wobwera pambuyo sangadziwe kuti odalirika ndi ati.

Tebulo lapakati ndalisiya monga linalili, lolembedwa ndi `Table` ndi `Column`. Ndinayamba kulisintha kuti ligwiritse ntchito `mapped_column`, koma ndinabweza nditakumbukira kuti `mapped_column` ndi ya m'makalasi okha, pomwe tebuloli silili kalasi.

Lachiwiri

Lero lonse lathera pa vuto la mafayilo awiri oitanana. Kalasi ya `Wophunzira` ili m'fayilo yake, ya `Phunziro` ilinso m'fayilo yake, ndipo iliyonse iyenera kutchula inzake. Ndikalemba dzina la kalasi m'mitengero popanda import, SQLAlchemy imakhutira koma mypy imati `Name "Phunziro" is not defined`. Ndikaika import wamba mbali zonse ziwiri, mypy imakhutira koma Python imagwa, chifukwa fayilo yoyamba imaitana yachiwiri isanamalize kudzimanga, ndipo yachiwiriyo imabwerera kudzafuna dzina lomwe silinapangidwe.

Yankho lake ndi lodziwika: kuika import pansi pa `if TYPE_CHECKING:`, popeza mypy imatenga mawu amenewa ngati oona pomwe pulogalamu ikamayenda amakhala abodza. Umu ndi mmene mbali ya wophunzira yakhalira:

```python
if TYPE_CHECKING:
    from .phunziro import Phunziro

class Wophunzira(Base):
    __tablename__ = "wophunzira"
    id: Mapped[int] = mapped_column(primary_key=True)
    maphunziro: Mapped[list["Phunziro"]] = relationship(
        secondary=wophunzira_phunziro,
        back_populates="ophunzira",
    )
```

Izi zimatheka chifukwa SQLAlchemy siifunafuna dzina la kalasi ya mbali inayo m'fayilo yomwe ikuwerenga. Imalisunga kaye ngati mawu, n'kudzalifufuza pambuyo pake m'kaundula wa makalasi onse ochokera ku `Base`, pa nthawi yomwe ikukonza ma mapper, yomwe nthawi zambiri imakhala pa query yoyamba. Koma kaundulayo amangodziwa makalasi omwe mafayilo awo awerengedwa kale ndi Python, ndipo apa m'pomwe ndinapunthwa masana. Kapulogalamu kakang'ono komwe timagwiritsa ntchito polowetsa ophunzira atsopano kamangoitanitsa fayilo ya wophunzira yokha, ndipo kale fayilo ya phunziro inkabwera nawo kudzera pa import yomwe ndaisamutsayi. Kanagwa ndi uthenga wakuti "expression 'Phunziro' failed to locate a name". Ndakonza poitanitsa ma model onse mu `__init__.py` wa chikwatu chawo, ndipo ndawonjezera mayeso amodzi aafupi omwe amangoitana `configure_mappers()`, kuti vuto la mtundu uwu lizionekera pa mayeso osati pamaso pa wogwiritsa ntchito.

Ndachotsanso `backref` paliponse pomwe inali. Imapanga mbali yachiwiri ya ubale mwakachetechete pulogalamu ikamayenda, choncho mypy siiona kuti `Phunziro` ili ndi `ophunzira`, ndipo paliponse pomwe khodi inkatchula dzinali panali dandaulo la `attr-defined`. Ndi `back_populates` pamafunika kulemba mbali zonse ziwiri pamanja, zomwe zikuwonjezera mizere ingapo, koma munthu akatsegula kalasi amaona zonse zomwe ili nazo.

Lachitatu

Cholakwika cha lero ndi changa, ndipo ndikuchilemba mwatsatanetsatane chifukwa chasonyeza bwino kusiyana kwa owerenga awiri aja. Dzulo madzulo, polemba mbali ya phunziro, ndinalemba `ophunzira: Mapped["Wophunzira"]` n'kuiwala `list`. Mypy sinanene kanthu. Pulogalamu inadzuka bwinobwino, mayeso a `configure_mappers()` anadutsa, ndipo ndinatseka kompyuta ndili wokhutira.

M'mawa uno mayeso a tsamba lomwe limasonyeza mayina a onse olembetsa phunziro anagwa ndi mawu akuti `'Wophunzira' object is not iterable`. Ndinayamba kukayikira template (fayilo yomwe imapanga tsambalo), ndinaiwerenga kawiri konse osapezamo vuto, mpaka nditakweza maso pamwamba pa zotuluka za mayeso n'kuona chenjezo lomwe ndinali nditalidumpha: "Multiple rows returned with uselist=False for lazily-loaded attribute". Palibe pomwe ndinalemba `uselist=False`. SQLAlchemy inaganiza zimenezi yokha powerenga annotation yanga: poti sindinatchule mndandanda, inamva kuti phunziro lili ndi wophunzira mmodzi, inatenga mizere yonse ku database, n'kusunga woyamba, ena onse n'kuwataya ndi kachenjezo chabe. Mypy inakhala chete pa zifukwa zomveka, chifukwa annotation ija inali yolondola m'kalembedwe, ndipo malo okhawo omwe ankazungulira pa mndandandawo anali mu template ya Jinja, yomwe mypy siiwerenga n'komwe. Kukanakhala kuti tsambalo limangosonyeza dzina limodzi, cholakwikachi chikanapita kutali osaoneka.

Chifukwa cha zimenezi ndasintha makonzedwe a pytest kuti `SAWarning` (chenjezo la SQLAlchemy) iliyonse izigwetsa mayeso. Anzanga amene amaunika khodi yanga anafunsa ngati zimenezi sizichititsa phokoso lambiri pa khodi yakale, ndipo n'zoona kuti zatulutsa machenjezo ena omwe tiyenera kuwaona, koma tagwirizana kuti ndi bwino kuwaona tsopano.

Nditabwezeretsa `list`, mypy inapeza dandaulo lina lenileni. Tili ndi function yomwe imalandira zinthu zilizonse za mu database n'kuzilemba m'fayilo ya CSV, ndipo inalembedwa kuti imalandira `list[Base]`. Nditaipatsa `phunziro.ophunzira` kwa nthawi yoyamba, mypy inakana, n'kufotokoza kuti `list` ndi invariant ndipo ndiganizire zogwiritsa ntchito `Sequence`. Tanthauzo lake ndi loti ngakhale wophunzira aliyense ali `Base`, mndandanda wa ophunzira si mndandanda wa `Base`, chifukwa function yolandira `list[Base]` ili ndi ufulu woponyamo phunziro m'kati, zomwe zikanaipitsa mndandanda wa ophunzira. Ine, pofulumira, ndinaika `Sequence` malo olakwika, mu model m'malo mwa mu function. SQLAlchemy inakana nthawi yomweyo, ponena kuti mtundu umenewo sungapangidwe kukhala chinthu chenicheni chosungiramo, ndipo ngati ndikuufunadi ndipereke `collection_class`. Inali ndi mfundo, poti annotation ndi yomwe imaiuza chosungiramo choti ipange: `list` imapereka mndandanda, `set` imapereka gulu losabwereza, koma `Sequence` ndi lonjezo chabe la zomwe chinthu chingachite. Ndabweza model, n'kusintha function kuti izilandira `Sequence[Base]`, ndipo onse awiri akhala chete.

Lachinayi

Lero ndi tsiku lomwe kapangidwe kasintha. Pempho lomwe linalipo kale ndi loti tizisunga tsiku lomwe wophunzira analembetsa phunziro komanso malikisi omwe anapeza. Zinthu ziwirizi si za wophunzira yekha, si za phunziro lokha, ndi za kukumana kwa awiriwo, choncho malo ake ndi tebulo lapakati. Koma `relationship(secondary=...)` imangodziwa kulowetsa ndi kuchotsa mizere yokhala ndi ma foreign key awiri, siipereka njira yolembera makolamu owonjezera. Ndiye tebulo lija lasanduka kalasi yathunthu, yomwe ndaitcha `Kalembera`:

```python
class Kalembera(Base):
    __tablename__ = "kalembera"
    wophunzira_id: Mapped[int] = mapped_column(
        ForeignKey("wophunzira.id"), primary_key=True)
    phunziro_id: Mapped[int] = mapped_column(
        ForeignKey("phunziro.id"), primary_key=True)
    tsiku: Mapped[date]
    malikisi: Mapped[int | None]
    wophunzira: Mapped["Wophunzira"] = relationship(back_populates="kalembera")
    phunziro: Mapped["Phunziro"] = relationship(back_populates="kalembera")
```

Apa kusowa kwa `list` n'kolondola, chifukwa mzere umodzi wa kalembera umaloza wophunzira mmodzi ndi phunziro limodzi. Chofunika kusamala ndi `malikisi`. Poyamba ndinalemba `Mapped[int]`, ndipo fayilo ya migration (yosinthira kapangidwe ka database) yomwe chida cha Alembic chinapanga inali ndi `nullable=False` pa kolamuyi, kutanthauza kuti wophunzira sakanatha kulembetsa phunziro asanalembe mayeso ake. SQLAlchemy imatenga NULL kapena NOT NULL kuchokera ku annotation ngati sunatchule mwachindunji, choncho `| None` pano si zokometsera za mypy, ndi gawo la kapangidwe ka tebulo. Kalembedwe ka `int | None` kamafuna Python 3.10 kupita m'tsogolo, ndipo ife tili pamwamba pa pamenepo. Kuyambira lero fayilo iliyonse yomwe Alembic yapanga ndiziiwerenga mzere ndi mzere ndikasintha annotation, ngakhale kusinthako kukuoneka kochepa motani.

Vuto lachiwiri linabuka chifukwa ndinasiya ubale wakale wa `maphunziro` uli pomwepo, wongosinthidwa kuti uziloza `secondary="kalembera"`, popeza khodi yambiri imaudalira. SQLAlchemy inachenjeza kuti ubale wina "will copy column" kupita ku kolamu yomwe ubale winanso umalembako, ndipo chifukwa cha kusintha kwa dzulo chenjezoli linagwetsa mayeso. Nkhani yake ndi yoti panali njira ziwiri zolembera m'tebulo limodzi, ndipo iliyonse sinkadziwa zomwe inzake ikuchita: munthu akanatha kuwonjezera phunziro pa `wophunzira.maphunziro`, wina n'kupanga `Kalembera` ya awiri omwewo, ndipo onse awiri akanayesa kulowetsa mzere womwewo. Uthengawo umatchula `overlaps` ngati njira yotontholetsera chenjezo, koma `overlaps` siichotsa njira yachiwiri yolembera, imangonena kuti mwini khodi akudziwa.

Ndinaganizira njira ziwiri. Yoyamba ndi `association_proxy`, yomwe annotation yake ndi `AssociationProxy[list["Phunziro"]]` osati `Mapped`, ndipo ikapatsidwa `creator` imalola munthu kuwonjezera phunziro mwachindunji, iyo n'kupanga `Kalembera` kumbuyo. Yachiwiri ndi kusiya ubale wakale ndi `viewonly=True`, kuti uziwerengedwa basi. Ndasankha yachiwiri, chifukwa tsiku lolembetsa silimakhala lero nthawi zonse, makamaka tikamalowetsa zolembedwa zakale, ndipo ndikufuna kuti aliyense wolembetsa wophunzira azikakamizika kulitchula.

Koma `viewonly=True` ili ndi msampha wake. Mndandanda womwe imapereka ndi mndandanda weniweni wa Python, choncho `wophunzira.maphunziro.append(phunziro)` imayenda popanda cholakwika, kungoti palibe chomwe chimafika ku database. Khodi yakale yomwe inkalembetsa ophunzira mwa njira imeneyi ikanapitiriza kuyenda, n'kumataya zolembetsa mwakachetechete. Apa m'pomwe `Sequence` ija yomwe inandikana dzulo yapeza ntchito yake yeniyeni:

`maphunziro: Mapped[Sequence["Phunziro"]] = relationship(secondary="kalembera", collection_class=list, viewonly=True)`

SQLAlchemy ikupanga `list` monga yauzidwira, koma mypy ikuona `Sequence`, yomwe ilibe `append`. Nditayendetsa mypy, inandilozera malo onse omwe khodi yakale inkawonjezera kapena kuchotsa phunziro kudzera pa ubalewu, ndipo ndawasintha onse kuti azidzera pa `Kalembera`. Kwa nthawi yoyamba sabata ino ndaona kuti kusiyana kwa owerenga awiriwa kungathandize.

Ndisanaweruke ndinayendetsa Ruff, chida chounika ndi kukonza khodi, ndi `--fix --unsafe-fixes` monga mwa nthawi zonse, ndipo pulogalamu inagwanso. M'fayilo ya kalembera muli `from __future__ import annotations`, yomwe imachititsa Python kusunga ma annotation onse ngati mawu osawawerengera. Ruff itaona kuti `date` ikungotchulidwa mu annotation, inasamutsa import yake kupita pansi pa `TYPE_CHECKING`, zomwe m'khodi wamba n'zolondola. Koma SQLAlchemy imafuna `date` yeniyeni kuti idziwe mtundu wa kolamu, ndipo mosiyana ndi mayina a makalasi a ubale, dzinali silili m'kaundula wa ma model, liyenera kupezeka m'fayilo momwemo. N'chimodzimodzi ndi `Mapped` komanso `Sequence`. Ruff ili ndi makonzedwe a zimenezi, otchedwa `runtime-evaluated-base-classes`, ndipo ndalembamo kalasi yathu ya `Base`, chifukwa kutchula `DeclarativeBase` yokha sikukwanira pamene ma model akuchokera ku `Base` yomwe ili m'fayilo ina.

Lachisanu

Watsala ubale umodzi, wa phunziro ndi maphunziro omwe munthu ayenera kumaliza asanalitenge. Uwunso ndi wa zambiri kwa zambiri, koma mbali zonse ziwiri ndi tebulo limodzi, choncho ma foreign key onse awiri a tebulo lapakati amaloza `phunziro.id`. Annotation yake siivuta, ndi `Mapped[list["Phunziro"]]` mbali zonse ziwiri, `zoyambira` ndi `zotsatira`, koma SQLAlchemy inapereka `AmbiguousForeignKeysError` chifukwa sinathe kudziwa kuti kolamu iti ndi ya phunziro lomwe tili nalo, iti ndi ya lofunika kuyamba. Pafunika kulemba `primaryjoin` ndi `secondaryjoin` pamanja, ndipo pa mbali yachiwiri ya ubale ziwirizi zimatembenuzidwa.

Ndikulemba izi kuti wodzakhudza malowa adziwe kuti mypy singathandize pano. Munthu atasinthanitsa makolamu awiriwa, `zoyambira` izipereka maphunziro otsatira ndipo `zotsatira` izipereka oyambira, koma mitundu ikhalabe yolondola chifukwa mbali zonse ndi mndandanda wa `Phunziro`. Ndalemba mayeso okhala ndi maphunziro atatu otsatizana, omwe amatsimikiza kuti lapakati lili ndi loyamba ku `zoyambira` ndi lachitatu ku `zotsatira`. Ndinawayesa posinthanitsa makolamu mwadala, ndipo anagwa monga ayenera.

Polemba mayesowa ndaonanso kuti tebulo lapakati la ubale uwu linalibe primary key, choncho palibe chomwe chinkaletsa kuti awiri omwewo alowe kawiri. Zikatero, kuchotsa phunziro pa mndandanda kumagwa ndi `StaleDataError`, poti SQLAlchemy imayembekeza kuchotsa mzere umodzi koma imapeza iwiri. Ndaika primary key ya makolamu onse awiri, ndipo migration yake iyamba ndi kuchotsa mizere yobwereza ngati ilipo, apo ayi database ikana kupanga key. Mayeso athu amayenda pa SQLite, yomwe siikakamiza ma foreign key pokhapokha itauzidwa ndi `PRAGMA foreign_keys=ON`, ndiye ndawonjezeranso zimenezo pa kulumikiza kulikonse kwa mayeso.

Lolemba lotsatira

Mypy ikudutsa pa chikwatu chonse cha ma model popanda `# type: ignore` ngakhale imodzi. Zomwe zinalipo kale zinaikidwa nthawi ya ma stub, ndipo nditayatsa `warn_unused_ignores` mypy inandisonyeza kuti sizikubisanso kanthu, choncho ndazichotsa. Anzanga aja anayesa mafayilo omwewa ndi Pyright, chida china chounika mitundu ngati mypy, pa kompyuta yawo ndipo sanapeze dandaulo pa maubale onse atatu.

Chomwe sindinamalize ndi `Phunziro.kalembera`. Pa maphunziro omwe ophunzira onse amatenga, mndandandawu umakula chaka ndi chaka, ndipo kuutchula kokha kumakoka mizere yonse ku database. SQLAlchemy 2.0 ili ndi `WriteOnlyMapped["Kalembera"]`, yomwe siikoka kanthu yokha: imapereka `add()` ndi `remove()` polemba, komanso `select()` yomwe munthu amaisefa asanaiyendetse. M'kati mwake simulembedwa `list`, ndipo ndaika kale ndemanga pamzerewo kuti wina asadzaganize kuti ndabwereza cholakwika cha Lachitatu. Chomwe chikundichedwetsa n'chakuti ma template awiri amazungulira pa mndandandawu mwachindunji, ndipo poti mypy siiwerenga ma template, ndiyenera kuyamba ndalemba mayeso a masamba awiriwo ndisanasinthe annotation. Pakufunikanso kuonanso momwe kuchotsa phunziro kudzachotsere mizere yake ya kalembera, chifukwa ubale wotere sungakoke mizereyo kuti uichotse umodzi umodzi, ndiye pafunika `passive_deletes=True` pamodzi ndi `ondelete="CASCADE"` pa foreign key, zomwe zikutanthauza migration ina. Mawa ndiyamba ndi mayeso a tsamba la mayina a olembetsa.